Zipolopolo Zomaliza za a Havlik

Noreen anayeza kunenepa kwa chipolopolo chachisanu ndi chiwiri, nambala n'kutuluka yomweyo: 317. Anapukuta choyezera chija pa siketi yakuda imene anali asanavule chichokereni kumanda, n'kuyezanso. Sizinasinthe.

"Amayi akuti chakudya chikuzizira," anatero Lyle, mchimwene wake, ali pakhomo la shedi. Sanalowe. Nsapato zake zonyezimira za ku tauni zinathera pamzere wa chitseko penipeni.

"Chizizire. Nyama imene abweretsa a kutchalitchi ija tidya mpaka Khirisimasi."

"Koma iwe, adadi tawaika lero lomwe, wayamba kale kusanthula katundu wawo?"

"Ndikukonzekera za Loweruka. Zoti sungazimve, bwana. Tsogola, ndikupeza."

Lyle anaponya maso kamodzi m'shedimo, pa mphika wosungunulira mtovu ndi pampando wopanda munthu, kenako anabwerera kunyumba manja ali m'thumba.

Za Lowerukazo zinali zoona. Kalabu yathu kuno ku mapiri a Pennsylvania ndi ya anthu ouma mitu, osafuna zipolopolo za m'sitolo. Timatola mtovu wakale, kuusungunula, kuumba tokha zipolopolo m'zikombole, n'kumaboola mapepala ndi mfuti zimene asilikali anazitaya agogo athu akadali anyamata. A kunyumba kwathu amati ndi misala, ndipo sitinawatsutsepo. Koma tili ndi mwambo umodzi umene sitiseka nawo. Mnzathu akatisiya, Loweruka lotsatira mwana wake amawombera zipolopolo zomaliza zimene malemuyo anaumba, ndi mfuti imene anaziumbira, ndipo pepalalo timalikhoma pakhoma la kalabu.

Kwa a Emil Havlik panalibe wofunsa kuti adzawombera ndani. Noreen ndiye anakulira mu utsi wa m'shedimo. Loweruka lililonse kwa zaka makumi awiri anali pambali pa bambo ake, ndipo mtima wa mkuluyo utayamba kuvuta, ndiye ankawanyamulira zikwama ndi kuwakumbutsa mankhwala. Mfuti nayo inkadziwika: ija ya ku Finland, yakuda bii, yong'aluka mtengo, imene amayi a Noreen, Mayi Dolores, ankaitcha mkazi mnzawo. A Emil ankasankha mfuti choncho. Ankalowa m'sitolo ndi katochi m'thumba, kudutsa zokongola zonse, n'kutuluka ndi chinthu choti galu angachiuwe, koma m'kati mwa mpope muli mbee. Noreen anali atadziona kale m'maganizo atakhala pabenchi ndi mfuti imeneyo, madala onse a kalabu atavula zipewa.

Koma ya ku Finland inkadya zipolopolo za 311.

Mfuti zankhondozi zili ngati mapazi a anthu, iliyonse ili ndi saizi yake, ndipo chipolopolo cha mtovu chikachepa pang'ono pokha chimangopita kumene chafuna. N'chifukwa chake a Emil akagula mfuti ankayamba akhomera kamtovu kofewa m'mpope mpaka katulukire mbali inayo, kukayeza, n'kulemba nambala pakapepala komangirira ku mfutiyo. Noreen anatsegula kabati n'kuwerenga timapepala tonse khumi ndi kamodzi. Kenako anayambiranso, ngati kuti manambala angachite manyazi n'kusintha. Yaikulu pa onse inali 313. Zipolopolo khumi ndi ziwiri za m'chitini cha khofi, zimene bambo ake anamaliza kuumba Lamlungu, tsiku limodzi asanagwe akusesa masamba pabwalo, sizinali za mfuti iliyonse m'kabatimo.

Mtima unkadziwa kale, miyendo ndiyo inkazengereza. Anazungulira shedi kawiri, anasuntha zitini zosafunika kusuntha, anatsegula zenera n'kulitsekanso. Pomaliza anakwera pampando n'kupisa dzanja pamwamba pa kabati, pamene pankakhala matenti akale. Chinthu chachitali chokulunga m'bulangete chinali pomwepo, chopanda fumbi. Anavundukula theka lokha la kumlomo, ndipo mtengo wofiirira wa mizeremizere uja anauzindikira nthawi yomweyo.

Nkhani ya mfuti imeneyi tonse timaidziwa, ndipo ena mwa ife tiyenera kuchita nayo manyazi. Lyle ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, a Emil anapita naye kusitolo kumene mfuti za Angelezi zotsala kunkhondo zinali zitaimikidwa mumgolo ngati mipini ya makasu. Njira yonse ankamuuza chinthu chimodzi: suzumira m'mpope, usayang'ane mtengo. Lyle anamva, koma atafika anaona mtengo wokongolawo n'kuiwala zonse. Loweruka, kalabu itadzaza, anawombera kakhumi. Zipolopolo zitatu zokha n'zimene zinapeza pepala, nazonso zinalowa chopingasa. A Emil anakweza pepalalo m'mwamba n'kufuula kuti, "Taonani, mwana wanga wagula mwendo wa tebulo!" Tinaseka mpaka misozi. Lyle anaika mfuti pabenchi mwaulemu, anayenda wapansi mamailosi anayi kubwerera kunyumba, ndipo kukalabu sitinamuonenso. Chaka chotsatira anapita kusukulu ku Denver n'kukhazikika komweko. Ankabwera pa Khirisimasi pokha, iye ndi bambo ake n'kumakambirana za nyengo ndi za misewu.

Noreen anapana mfutiyo patebulo, bulangete likadali kutako, anasolola chitsulo chotsekera chipolopolo, anadzoza kamtovu mafuta n'kuyamba kukakhomera ndi ndodo yamkuwa. Ankamenya mwamphamvu kuposa mmene zinafunikira. Kamtovu katagwera pansalu anakayeza: 316. Chipolopolo chabwino chimaposa mpope ndi nambala imodzi, ndipo bambo ake sankaphonya zimenezo. Analozetsa mpope kuzenera n'kusuzumiramo. Munali mowala, mukununkha mafuta atsopano.

Zinamuwawa. Sichinali chisoni cha maliro ayi, chimenecho anali nacho kale ndipo ankadziwa pochiika. Iyi inali nsanje yeniyeni, ya mayi wamkulu ndithu amene wazindikira kuti ntchito yomaliza ya manja a bambo ake inali ya mwana amene anachoka, osati ya amene anatsala. Anakulunganso mfutiyo mwachangu n'kuibwezera pamwamba pa kabati, chotsekera chija n'kuchiiwala patebulo.

Kukhitchini Mayi Dolores anali atayala mbale zitatu, yachinayi ataitulutsa n'kuibwezanso. Tebulo linali lodzaza ndi mbale za eni, iliyonse ili ndi dzina la mwiniwake kunsi: nyama ya nkhumba, kabichi wokulungamo nyama, makeke anayi a maapozi.

"Khala pansi," anatero mayiwo. "Mchimwene wakoyu akuti anyamuka mawa."

"Ndege ndi ya madzulo, pano ndichoka cha m'ma 11," anatero Lyle osadzutsa mutu. "Lolemba ndili ndi msonkhano."

"Lolemba si Loweruka. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma masiku ndimawadziwa."

"Amayi, chonde. Kukalabu ndikatani ine? Madala aja akandione, ayambirenso za mwendo wa tebulo? Mwana wa mfuti ndi uyu. Ine adadi anandifufuta kalekale."

"Usalankhule choncho tsiku la lero."

"Ndilankhule liti? Zaka makumi awiri ndi zinayi, anatipo pepa ngakhale kamodzi?"

Noreen ankangodula nyama m'mbale mwake tizidutswa ting'onoting'ono, osaika pakamwa. Mawu anali pammero. Akanangoti, tapita ukaone pamwamba pa kabati. Koma foni ya pakhoma inalira, iye n'kuithamangira ngati wapulumuka.

Anali a Orval, mlembi wa kalabu, amene pafoni amalankhula ngati akuitana munthu kutsidya kwa mtsinje, moti khitchini yonse inamva. "Noreen, mwana wanga! Pepanso, pepa. Ndikulemba pabolodi za Loweruka. Ndilembe mfuti iti?"

"Ya ku Finland," anatero Noreen.

"Ndimadziwa ine! Mkazi wamng'ono uja! Uwauze amayi ako asachite nsanje, ndi komaliza!"

Atabwezera foni anapeza amayi ake akumuyang'ana. Mayiwo anangokoka keke imodzi n'kuyamba kuidula, ngakhale panalibe amene anaipempha.

Dzuwa likupendeka Noreen ananyamuka kuti azipita kwake, ndipo Lyle anamuperekeza mpaka pagalimoto. Anatsamira chitseko, akukanda utoto ndi chala.

"Ukawombere bwino," anatero. "Sindikunena mwachipongwe. Unawasamala, ine ndinkangotumiza makadi."

"Usayambe kukoma mtima pano, sizikukuyenera."

Lyle anaseka pang'ono. "Ndikuuze chopusa? Ku Denver kuja nthawi zina ndimalowa m'masitolo a mfuti zakale. Ndimapempha katochi, ndimasuzumira m'mpope, mtengo osauyang'ana n'komwe. Kenako ndimabweza n'kutuluka. Ogulitsa onse amandida."

"Sunagulepo?"

"Ndikaionetse kwa ndani?"

Noreen analiza galimoto msangamsanga, poopa kuti pakamwa pangamutsogolere. Anafika kwake, anakhala pampando, anaimirira, anatulukanso n'kuyendetsa galimoto mpaka pageti la kalabu, kumene analibe chochita chilichonse. Anangotembenuka n'kubwerera.

Lachisanu anafika kwa amayi ake dzuwa litangotuluka. Anatsuka mbale za eni, anamaliza kusesa masamba amene bambo ake anawasiyira panjira, analowa m'shedi, anatuluka, analowanso. Cha m'ma 10 anayatsa mphika.

Nzeru yake inali yosavuta, ndipo aliyense wa ife akanaiganiza, chifukwa kwathu chilichonse chosatikomera chimabwerera mumphika. Asungunule zipolopolo khumi ndi ziwirizo, athire mtovu womwewo m'chikombole cha 311, Loweruka akawombere ndi ya ku Finland. Mtovu ukhala womwewo umene bambo ake anaugwira. Lyle adzakhala ali kutali, choyezera sadziwa kuwerenga, ndipo wanena yekha kuti sakufuna. Walakwiridwa ndani pamenepo? Anadzifunsa funso limeneli kambirimbiri podikira kuti mphika utenthe, ndipo nthawi iliyonse yankho linkamukomera.

Anaponyamo choyamba. Chinakhala pamwamba kamphindi, chinapendekeka, n'kuzimirira. Chachiwiri. Chachitatu.

Pa chachinayi dzanja linachita zimene linazolowera, linachitembenuza pakuwala kufunafuna chilema. Panalibe. M'mbali mosalala, kunsi kodzaza bwino, popanda khwinya ngakhale limodzi. Anatenga china, chimodzimodzi. Apa m'pamene anaima. Chaka chathachi manja a bambo ake ankanjenjemera moti khofi ankamwera m'kapu yosadzaza, ndipo zipolopolo zawo zinkatuluka zamakwinya. Noreen ankazisungunula mobisa n'kuwaumbira zina, iwo n'kumanamizira kuti sakuona. Nanga izi zinatuluka bwanji?

Anawerama kuti akoke chidebe cha zokanidwa kunsi kwa tebulo. Ndi dzanja limodzi sichinasunthe. Chinali chodzaza pafupifupi kukamwa, mazanamazana a zipolopolo zopindika, zamakwinya, zosadzaza, zonse zonenepa mofanana. Mkulu wodwala mtima anakhala masiku angati pa utsi umenewu kuti apeze khumi ndi ziwiri zokha?

Kunja buti ya galimoto inatsekedwa kuti phwa, injini n'kulira. Noreen anatulutsa mawu amene sitingawalembe pano, anazimitsa mphika, n'kukwera pampando.

Anamupeza Lyle akutsanzikana ndi amayi ake pamasitepe, chitseko cha galimoto chili chotsegula.

"Gwira," anatero, akumukankhira bulangete pachifuwa.

"N'chiyani?"

"Mwendo wako wa tebulo. Gwira, iwe, ukundilemera."

Lyle anabweza manja kumbuyo ngati wapatsidwa njoka. "Iwenso wayamba? Ndimayesa anaitaya kalekale."

"Zipolopolo zomaliza ndi za iyi. Ndayeza mpaka maso kuwawa. Palibe ina imene ingazidye."

"Imeneyi imawombera chopingasa."

"Imawombera chopingasa chifukwa unkaidyetsa zoonda. Ili ndi mimba yaikulu basi, si yoipa."

"Zikombole zisanu ndi chimodzi," anatero Mayi Dolores, akukokera juzi la malemu pachifuwa. "Chomalizachi anachita kupangitsa kwa mmisiri. Lachiwiri lililonse m'mawa, kukalabu kulibe anthu, ine ndi amene ndinkawaperekeza. Ndaluka masokosi angati m'galimoto muja ndikumva phuu, kenako kutukwana, phuu, kutukwana. Mwezi wathawu kutukwana kunasiya."

Noreen anatembenuka. "Munkadziwa? Dzulo ine ndikunama pafoni paja, inu mukudula keke?"

"Ndimafuna ndione kuti bodzalo ugona nalo bwanji. Maso akowo akuti sunagone."

"Nanga ine osandiuza bwanji? Zaka zonsezi ndili nawo m'shedi momwemo!"

"Anati iwe ukadziwa uikonza sabata imodzi, ndiye ikhala ntchito yako. Amene anaseka ndi iwowo, ankafuna akonze okha."

"Foni inalipo," anatero Lyle. "Liwu limodzi lokha, amayi. Zaka zonsezi!"

"Bambo akowo? Munthu amene anandifunsira ukwati pondisinthira matayala a galimoto? Mawu ake enieniwo ndikuwadikirabe mpaka lero."

Palibe anaseka. Noreen anatulutsa chitini chija m'thumba la jekete n'kuchiika padenga la galimoto.

"Zinali khumi ndi ziwiri. Zatsala zisanu ndi zinayi. Zitatu ndasungunula m'mawa uno."

"Chifukwa?"

"Chifukwa ndimafuna zikhale zanga. Mpaka pano ndikufunabe, usaganize kuti ndasanduka mngelo. Ine ndinatsala, Lyle. Ine ndi amene ndinawatola pamasamba paja." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Koma si zanga. Ukafuna kukwera ndege yakoyo kwera, ndikawauza a Orval kuti pakhoma pasakhomedwe kanthu. Ine sindiwombera zabodza."

Lyle anayang'ana wotchi, anayang'ana msewu, anayang'ananso wotchi. Kenako anatambasula manja, mwina pongofuna kumulandira mlongo wake katundu, ndipo bulangete linatsetsereka n'kugwa pansi lonse.

Kutako kwa mfutiyo kunali kachidutswa ka mtengo wina, kotuwirako, kokhuthala zala zitatu, kolumikizidwa mwaluso ndi kupalidwa mpaka kusalala. Noreen anali asanakaone. A Emil anali munthu wamfupi, wa mikono yaifupi, ndipo tonse tinkawaseka kuti mfuti iliyonse imawatalikira. Munthu wotero satalikitsa mfuti.

Lyle, amene anatengera utali wa kwa amayi ake, anaona kuti chotsekera mulibe, anatembenukira kuphiri la kuseri kwa nyumba, n'kuikweza. Inakhala paphewa ngati inamera pomwepo. Tsaya linapeza malo ake, chala chinafika poyenera kufika, popanda kusuntha kapena kufunafuna.

"Khirisimasi yathayi," anatero Mayi Dolores motsitsa mawu, "inu mukudya, ine ndinatuluka kukatenga mbale, n'kuwapeza kuseri kwa chitseko ali ndi tepi yanga yosokera. Anali atatsitsa jekete lako pamsomali, akuyeza mkono kuyambira pachigongono mpaka kumapeto. Atandiona anati, 'Usandisokoneze, ndiiwala nambala.' Anayeza kawiri, n'kulikolekanso mmene analipezera."

Lyle sanatsitse mfuti. Anakhala choncho, tsaya lili pamtengo, akuloza phiri lopanda kanthu, mapewa akugwedezeka pang'ono. Injini ya galimoto inali ikulirabe. Noreen anazungulira, anawerama pachitseko, n'kuizimitsa.